Kompyuta Ikakana Kuyaka Musathamangire Kufomata

Mawu awa anayankhulidwa ndi mmisiri wa makompyuta pa msonkhano wa alembi ndi asungichuma a makomiti a chitukuko a kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa. Tawasindikiza onse kuti amene sanathe kufika pa msonkhanowo adziwerengere okha.

 

Nkhani imene ndapemphedwa kukamba lero, zaka khumi ndi zisanu zapitazo sikanapezeka pa ndondomeko ya msonkhano wa chitukuko kuno kwathu. Nthawi imeneyo zolemba zathu zonse zinkakhala m'mabuku a chikuto cholimba, ndipo adani ake tinkawadziwa: chiswe, makoswe ndi denga lodontha. Lero zinthu zasintha. Kuyambira ku Jali kukafika pa doko la Kachulu, ngakhale kutsidya pa chilumba cha Chisi, mupeza laputopu m'manja mwa mphunzitsi wamkulu, mlembi wa alimi a mpunga, mlangizi, ngakhalenso msungichuma wa banki mkhonde. M'makinamo muli mayina a ophunzira ndi zotsatira za mayeso awo, kaundula wa mabanja amene anakhudzidwa ndi madzi osefukira, ngongole za mamembala, malipoti ndi zithunzi za ntchito zimene tagwira. Ndiye tsiku lina m'mawa mudina batani, makinawo n'kungokhala chete. Funso langa ndi ili: pamenepo tichite chiyani, nanga tisachite chiyani?

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Chaka china, kutatsala masabata awiri kuti gulu lina la banki mkhonde ligawane ndalama zake, laputopu ya mlembi wawo inakana kuyaka. Bamboyo mtima unali m'mwamba, choncho anathamangira kwa mnyamata wina wa pamsika amene amaika nyimbo m'mafoni. Mnyamatayo sanafunse chimene chinali m'kati. Anafomata disiki, n'kuikamo Windows yatsopano, ndipo pofuna kusangalatsa kasitomala anawonjezeramo makanema ndi nyimbo zambirimbiri. Madzulo ake laputopu inkayaka bwino lomwe, koma fayilo ya masheya ndi ngongole za chaka chonse munalibe. Atabwera nayo kwa ine ndinayesetsa, koma malo amene fayiloyo inali anali atalembedwapo kale makanema aja. Gulu linapulumukira timabuku ta mamembala, komabe ziwerengero zina sizinagwirizane, ndipo msungichuma wawo, mayi wokhulupirika, anatchedwa wakuba pamaso pa anzake. Chondipweteka n'chakuti tsiku limene laputopuyo inakana kuyaka, fayilo ija inali ili bwinobwino. Chimene chinaipha si kuwonongeka kwa makina ayi, koma kukonza kwake.

Kumene mafayilo amakhala

Akuluakulu, taganizirani boti la injini limene lanyamuka ku Chisi litadzaza matumba a matemba. Injini ikazima pakati pa nyanja, ulendo umaima, koma matumba aja amakhala momwemo. Kompyuta nayo ili choncho. Ili ndi ziwalo zambiri: batire, tchaja, sikirini, bolodi yaikulu imene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, ndi pulogalamu yoyendetsa zonse monga Windows. Chimodzi mwa zimenezi chikafooka, kompyuta siyaka. Koma mafayilo anu amakhala m'kachipangizo kapadera kotchedwa disiki, kamene kamasunga zolembedwamo ngakhale magetsi palibe.

Madisiki alipo a mitundu iwiri. Wakale uja, hard disk, uli ndi timbale timene m'malaputopu ambiri timazungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Mtundu umenewu sufuna kugwetsedwa kapena kugwedezedwa ukugwira ntchito. Watsopano, SSD, ulibe chozungulira chilichonse. Umapirira mabampu a pa kabaza, koma ukafa nthawi zambiri suchenjeza.

Kuti muone kulimba kwa zolembedwa pa disiki, pa 1 February 2003 chombo cha m'mlengalenga cha dziko la America chotchedwa Columbia chinaphwasuka pobwerera pa dziko lapansi, anthu 7 n'kufa. Pakati pa zidutswa zimene zinatoledwa ku Texas panali disiki yopserera. Akatswiri anatha kuwerenga magawo 99 mwa magawo 100 a zimene zinali m'menemo. Sindikunena kuti ife tili ndi zida ngati zawo, koma ndikufuna mudziwe kuti kukana kuyaka kwa laputopu yanu si umboni wakuti zolemba zanu zatha.

Choyamba ndi kudekha

Ife a kuno tikudziwa bwino za kuphwa kwa nyanja. Chilwa anaphwa mu 1968, anaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atakhala pa matope ouma. Koma nsomba sizinathe. Zinabisala m'maiwe a mitsinje monga Likangala ndi Domasi, ndipo madzi atabwerera zinaswananso. Chimene chikanazitheratu ndi katupe amene ena ankathira m'maiwemo pofuna ndiwo za tsiku limodzi, n'chifukwa chake mafumu ndi makomiti analimbana naye kwambiri. Mafayilo a m'kompyuta yakufa ali ngati nsomba za m'maiwe zija, ndipo kufomata ndiye katupe wake.

Choncho lamulo loyamba ndi ili: musalole munthu aliyense kufomata disiki, kuika Windows yatsopano, kapena kusankha mawu akuti "Reset this PC" mafayilo asanakoperedwe kwina. Chilichonse chatsopano cholembedwa pa disikiyo chingagwere pamwamba pa chimene mukufuna kupulumutsa, ndipo chimene chalembedwapo china sichibwereranso. Lachiwiri: musamangoyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri poyembekeza kuti mwina ichita mwayi. Ngati disiki ikudwala, kuyatsa kulikonse kumaifupikitsira moyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zizindikiro zinayi

Monga sing'anga amafunsa kaye kumene kukupweteka, inunso yang'anani ndi kumvetsera chimene makina anu akuchita.

Chizindikiro choyamba ndi chakuti palibe kuwala kulikonse, ngakhale phokoso. Apa kawirikawiri vuto ndi la magetsi, ndipo disiki imakhala ili bwino. Yesani soketi ina. Yesani tchaja ina, koma ya mphamvu yofanana. Manambala ake, monga 19V, 19.5V kapena 20V, amalembedwa pa tchajapo ndi kunsi kwa laputopu. Ngati batire ndi lochotseka, lichotseni, muzule tchaja, mudine batani loyatsira kwa theka la mphindi, kenako mulumikize tchaja yokha n'kuyesanso.

Chachiwiri: timagetsi tikuwala, fani ikumveka, koma sikirini ndi yakuda bii. Mwina sikirini yokha ndiyo yafa. Lumikizani laputopuyo ku wailesi ya kanema ndi chingwe cha HDMI. Zithunzi zikaoneka pamenepo, koperani mafayilo anu nthawi yomweyo.

Chachitatu: dzina la kampani, monga HP, Dell kapena Lenovo, likuoneka, koma kenako pakubwera mawu akuti "No bootable device", kapena sikirini ya buluu, kapena makinawo akungoyambiranso osafika pamene mumagwirira ntchito. Apa mwina Windows yasokonekera, zimene zimachitika magetsi akathima mwadzidzidzi, mwinanso disiki yayamba kudwala. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengedwa kuti afomate, chonsecho ndi pamene mwayi wopulumutsa zonse umakhala waukulu.

Chachinayi ndicho choopsa: m'kati mukumveka kaphokoso kobwerezabwereza kakuti tiki, tiki, tiki, kapena ngati chitsulo chikukhula china. Zimitsani msanga ndipo musayatsenso. Kasingano kaja kakhoza kukhala kakukanda timbale, ndipo mphindi iliyonse ikuchotsa zolemba zanu.

Ndiwonjezerepo za madzi, pakuti tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu March 2023. Kompyuta ikanyowa musaiyatse kuti muone ngati ikugwira. Zulani tchaja, chotsani batire ngati n'kotheka, ndipo pitani nayo kwa mmisiri mwamsanga kuti aitsegule, aiyeretse ndi kuiumitsa. Madzi a nyanja yathu ndi amchere chifukwa ilibe mtsinje wotulukira, ndipo mcherewo umadya tizitsulo ta m'kati ngakhale kunja kutauma. Kuikwirira m'thumba la mpunga, monga ena amalangizira, sikuchotsa mcherewo.

Njira yoyamba: kuyatsira pa fulashi

Ngati makina akuyaka koma Windows ndiyo yakana, tikhoza kuilambalala. Pali mapulogalamu aulere oyendetsa kompyuta, monga Ubuntu ndi Linux Mint, amene amatha kugwira ntchito ali pa fulashi osakhudza zimene zili pa disiki. Pamafunika kompyuta ina yabwino, intaneti yokwanira kutsitsa magigabayiti angapo, fulashi ya 8GB kapena kuposerapo, ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa Rufus kokonzera fulashiyo. Dziwani kuti pokonzapo chilichonse chimene chinali pa fulashiyo chimafufutika, choncho gwiritsani ntchito yopanda kanthu.

Mukalowetsa fulashiyo m'kompyuta yodwala, poyatsa mumadina batani losankhira poyambira: F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, F9 pa HP. Musankhe fulashi. Pakabwera funso, musankhe "Try", kutanthauza kungoyesa. Musasankhe "Install", chifukwa kumeneko ndi kuika pulogalamu yatsopano pa disiki yanu, katupe uja. Ikatseguka, disiki yanu imaoneka ngati foda. Lowani mu foda ya Users, mupeze dzina lanu, ndipo mukopere Documents, Desktop, Downloads ndi Pictures ku fulashi ina kapena ku disiki ya m'manja. Yambani ndi zofunika kwambiri: kaundula ndi mabuku a ndalama poyamba, zithunzi pambuyo, nyimbo ndi makanema pomaliza. Mukamaliza, tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akuwerengeka.

Njira yachiwiri: kuchotsa disiki

Ngati makina afa kotheratu, mmisiri amamasula kunsi kwa laputopu, n'kuchotsa disiki, n'kuiika m'kabokosi kamene kali ndi chingwe cha USB. Akailumikiza ku kompyuta ina, imaoneka ngati fulashi yaikulu, ndipo mafayilo amakoperedwa. Nthawi zina kompyuta inayo imafunsa ngati mukufuna kufomata disikiyo. Yankho ndi ayi nthawi zonse. Timabokosi timeneti timasiyana malinga ndi mtundu wa disiki, SATA kapena M.2, choncho pokagula tengani disikiyo kapena chithunzi chake. Koma malaputopu ena ang'onoang'ono otsika mtengo ali ndi chosungira chomatidwa pa bolodi, chimene sichichotseka. Pa amenewo bolodiyo iyenera kukonzedwa kaye.

Pali chinthu china chimene chagwetsa ulesi anthu ambiri. Makompyuta ambiri atsopano amakhoma disiki ndi loko wotchedwa BitLocker, nthawi zina mwini wake osadziwa n'komwe. Disiki yotere mukaichotsa, kapena mukayatsira pa fulashi, imafuna kiyi wa manambala 48. Kiyiyo kawirikawiri amasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene inagwiritsidwa ntchito tsiku loyamba, kapena kwa oyang'anira makompyuta a bungwe limene linapereka makinawo. Popanda iyeyo palibe mmisiri angatsegule. Choncho inu amene munalandira malaputopu kuchokera ku mapulojekiti, funsani za kiyiyo lero lomwe pulojekiti isanathe, mumulembe pa pepala, mumusunge pamalo abwino. Safunsa anadya phula.

Disiki ikakhala yodwala, kapena itafomatidwa kale

Disiki imene ikuchedwa kwambiri kuwerenga, kapena ikuima pakati pokopera, siyenera kukakamizidwa. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wajambula disiki yonse kuiika pa ina yabwino pogwiritsa ntchito pulogalamu monga ddrescue, imene imatenga malo osavuta poyamba n'kubwerera pa ovuta pambuyo. Kufufuza konse kumachitika pa disiki yabwinoyo, yodwalayo itapumula.

Ngati mwafomata kale, musataye mtima msanga, koma siyani kugwiritsa ntchito makinawo nthawi yomweyo. Pa hard disk, kufomata kwachangu kumangochotsa ndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili, pomwe zolembazo zimakhalapobe mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Mapulogalamu aulere a TestDisk ndi PhotoRec, amene analembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France, amatha kuzipeza. PhotoRec imabweza mafayilo opanda mayina ake, kotero mumayenera kutsegula imodziimodzi, ndipo zopezekazo zisasungidwe pa disiki yomweyo. Pa SSD mwayi ndi wochepa, chifukwa imasesa yokha malo a zofufutidwa pakangopita nthawi yochepa.

Disiki ya kaphokoso ija ndi nkhani ina. Imatsegulidwa m'chipinda chapadera chopanda fumbi, ndipo ntchitoyo ndi yokwera mtengo kwambiri, nthawi zambiri kuposa laputopu yatsopano. Aliyense wofuna kuitsegula ndi sikuludiraiva pa benchi ya pamsika, mukanizeni mwaulemu.

Posankha mmisiri

Sindikunyoza achinyamata athu a m'misika. Ambiri ndi aluso ndipo akudzipezera chakudya mwachilungamo. Koma inu ndinu eni katundu. Mawu anu oyamba akhale akuti: "Ndikufuna mafayilo anga poyamba, za kukonza makina tikambirana pambuyo." Mufunseni njira imene atsate. Akayankha kuti angoika Windows ina, nyamulani laputopu yanu. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo ngati n'kotheka khalani pomwepo, mlembi pamodzi ndi membala wina wa komiti.

Chifukwa china chokhalira pomwepo ndi chinsinsi. M'makaundula athu muli mayina a anthu, manambala a ziphaso za unzika, za umoyo wawo ndi ngongole zawo. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Amene wasunga mayina a anzake ali ndi udindo wowateteza. Ntchito ikatha, onetsetsani kuti mmisiri wafufuta zonse zimene zinadutsa pa kompyuta yake, ndipo disiki yakale, ngakhale yakufa, ibwerere m'manja mwanu.

Kupewa

Zonse ndanenazi ndi zozimitsa moto. Chotchipa kwambiri ndi kusunga mafayilo m'malo angapo makina akadali amoyo. Mu 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti m'dziko muno inaima kwa masabata angapo chifukwa makompyuta ake anasokonezedwa. Ngati zimenezi zingagwere makina akuluakulu a boma, kuli bwanji laputopu yoyenda pa njinga m'fumbi la mwezi wa October?

Akatswiri amalangiza kuti fayilo yofunika ikhale m'malo atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo malo amodzi akhale kutali ndi enawo. Kwa ife zikutanthauza izi: imodzi pa laputopu, ina pa fulashi yosungidwa kunyumba kwa wapampando kapena msungichuma, ina pa intaneti. Akaunti ya Google imapereka malo aulere okwana 15GB, ndipo kaundula wa mudzi wonse satenga ngakhale kachigawo kakang'ono ka malowo. Akauntiyo ikhale ya komiti, osati ya munthu mmodzi, ndipo mawu ake achinsinsi adziwe anthu awiri okhulupirika. Fulashi yosungidwa m'chikwama chimodzi ndi laputopu sithandiza tsiku limene chikwamacho chabedwa kapena chagwera m'madzi. Ndipo buku la chikuto cholimba musalitaye. Ziwerengero za ndalama zizisindikizidwa kapena kulembedwa pa pepala mwezi ndi mwezi, n'kusainidwa.

Samalaninso magetsi. Magetsi a ESCOM akathima, zulani tchaja, ndipo akabwera dikirani pang'ono musanalumikize. Kukamachita ziphaliwali zulani zonse. Inu a sola, musalumikize kompyuta pa inveta imene ikulira kusonyeza kuti batire latha. Ndipo muzizimitsa makina mwa dongosolo lake, osati pongokanikiza batani.

Pempho langa

A wapampando, ndisanakhale pansi ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, komiti iliyonse isankhe tsiku limodzi pa mwezi lokopera mafayilo, ndipo mlembi azinena pa msonkhano kuti zachitika, zilembedwe m'maminitsi monga timachitira ndi lipoti la ndalama. Lachiwiri, ADC yathu iganizire zokhala ndi fulashi imodzi yoyatsira kompyuta ndi kabokosi kamodzi ka disiki, zosungidwa pamalo odziwika, kuti wogwa m'vuto asayambe ulendo wa ku tauni ya Zomba asanayese pano. Lachitatu, mlembi akamatula pansi udindo, azipereka mafayilo, mawu achinsinsi ndi kiyi wa BitLocker pamaso pa komiti, monga amaperekera chidindo ndi mabuku.

Mu mzinda wathu wa Zomba muli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, National Archives, ndipo anthu amachokera kutali kudzawerenga makalata olembedwa zaka zoposa 100 zapitazo, chifukwa panali anthu amene anawasamala. Zolemba za mudzi wanu nazo zili m'manja mwa inu alembi. Pa zolemba zimenezo pali dzina la mayi wamasiye woyenera kulandira thandizo, pali zotsatira za mwana wa sukulu, palinso mbiri yabwino ya msungichuma ngati mayi uja ndinamutchula poyamba. Tsiku limene makina anu adzakane kuyaka, ndipo tsikulo lidzafika ndithu, muwazimitse, mukhale pansi, mufunse, ndipo mupulumutse mafayilo musanaganize zokonza china chilichonse.